Madontho Ofiira pa Kiyibodi

Mtendere, Lusaka
11 Malichi 2024

Ba Fanwell,

Muli bwanji uko ku Kolwezi? Kuno tili bwino, kupatula mvula imene yatikana chaka chino, ndi malaiti amene amangobwera kudzapereka moni n'kubwerera. Amayi akuti ndikufunseni ngati mukudya, ndiponso ngati tchuthi chimene munalonjeza chaka chatha chikadali m'njira.

Ndalemba kalata chifukwa foni yanga inagwera m'beseni kusaluni. Ba Kapambwe a kumsika anaikonza, koma tsopano imangolankhula mokuwa, moti mukaimba inu amayi amamva, aneba amamva, ndi nkhuku za aneba zomwe. Komanso paja munati kumgodi kwanuko mafoni amakulandani pageti. Ndiye ba Nkole, amene amayendetsa thiraki yobwera kwanuko ku Congo, avomera kutinyamulira makalata. Amayi akondwa kwambiri. Maso awo anafooka, choncho mudziwiretu kuti chilichonse chimene mulembe ndidzawawerengera mokweza, kuyambira deti mpaka dzina lanu, ndipo sakonda kuti ndidumphe mzere.

Nkhani ndi iyi. Mbale uja munamusiyira kiyibodi kutchalitchi anasamukira ku Chazanga, kumene akuti kuli Mzimu wambiri komanso jenereta. Abusa anayang'ana mumpingo monse n'kupeza kuti munthu amene anakhalapo nyumba imodzi ndi kiyibodi ndi ine. Choncho kuyambira mwezi watha woimba kiyibodi ndine. Ndikudziwa makodi anayi, magwiridwe a zala aja munandiphunzitsa, ndipo mpaka pano palibe nyimbo imene yapempha lachisanu.

Nditaitenga ndinayamba ndi kuipukuta, chifukwa inali ndi fumbi la zaka ziwiri. Ndinapezanso timadontho titatu tofiira pafupi ndi mabatani ozungulira aja, a pansi pa malembo akuti LFO. Nditayang'anitsitsa ndinazindikira kyutekisi wanga wopaka zikhadabo amene anasowa mu 2019, amene inu munalumbira kuti simunamuone. Sindikukwiya. Ndinatenga thonje ndi sipiriti wa kusaluni, ndipo tsopano pali mbee.

Chachiwiri, kiyibodi yanu inali kudwala. Ukagwira kiyi imodzi nthawi yaitali, mawu amayamba bwinobwino kenako n'kuyamba kunjenjemera. Ba Mukuka, amene tsopano ndi atsogoleri a kwaya, anandifunsa pamaso pa anthu kuti, "Justina, iyi kiyibodi ili na malungo? Ipase bulangeti." Ndinachita manyazi. Lolemba ndinaisenza pamutu mpaka kwa ba Kapambwe. Iwo anazungulitsa batani limodzi mpaka kumapeto kwa kumanzere n'kunena kuti, "Yapola, sisi. Kenze kabatani chabe." Enawo anawazungulitsanso kuti aone ngati akugwira ntchito. Tsopano mawu akutuluka owongoka ngati msewu wa Great East, ndipo aliyense wayamikira.

Amayi akuimbabe nyimbo yotsegulira mapemphero monga mwa zaka zonse. Kungoti masabata awiri apitawa mawu awo akumveka ngati ali ndi chimfine, ngakhale iwo akuti alibe. Dzulo anthu ena a kutsogolo anayang'anana. Ndawagulira mandimu.

Mutiuze za tchuthi.

Mlongo wanu,
Justina

* * *

Kolwezi
30 Malichi 2024

Justina,

Kalata yako ndalandira. Ine ndili bwino. Uwauze amayi kuti ndikudya, kawiri pa tsiku, Lamulungu katatu. Kuno mvula yanu yonse ili ndi ife, nsapato sizikuuma. Tchuthi chikadali m'njira, abwana akuti tione mwezi wa Ogasiti. Moni kwa amayi, moni kwa abusa. Ba Kapambwe usawapatse moni.

Kiyibodi ija sinkadwala, ndinaitchera dala. Ndi yakale, ya pasalaula paja amagulitsa zogwiritsidwa kale ntchito, ilibe mutu wosunga zinthu ngati zatsopanozi. Pamene batani laloza, mawu ali pomwepo, n'chifukwa chake ndinaika madontho. Za kyutekisi ndikupepesa.

Malembo a LFO aja ndi dzina la kachinthu kamene kali m'kati, kamene pakokha sikamveka. Ntchito yake ndi kugwedeza mawu enawo, monga munthu wogwedeza tebulo ndi bondo wina akulemba. Mabatani ake ndi atatu. Lolembedwa RATE ndi la liwiro la kugwedezako. Lolembedwa DEPTH ndi la kukula kwake, ndipo limeneli ndi limene ba Kapambwe anatseka. Lolembedwa DELAY limauza kachinthuko kuti kayambe kadikira pang'ono mawu atayamba, kenako n'kumagwedeza.

Batani lililonse lili ndi kamzere koyera. Uyese kuti kamzereko ndi muvi wa wotchi. RATE liloze pa 12 koloko, DEPTH pa 1 koloko, DELAY pa 10 koloko. Usayerekeze ndi maso okha, uyang'ane wotchi yeniyeni.

Uchite zimenezi Lamulungu lisanafike. Ba Mukuka akadandaula, uwauze kuti ndi mmene inapangidwira kufakitale. Usandifunse chifukwa.

Mandimu apitirize, sawononga kanthu.

Fanwell

Kapepala kopindidwa kanayi, mu envulopu yomweyo. Pamwamba pake palembedwa kuti JUSTINA YEKHA.

Aka usawerenge mokweza. Ukamaliza ukang'ambe.

Mawu a amayi anayamba kunjenjemera mu 2019, atate atamwalira. Si chimfine, ndi ukalamba. Akakoka mawu aatali amayamba bwino, kenako amagwedezeka. Tsiku lina ndinamva azimayi awiri a kwaya akuseka kuseri kwa tchalitchi, ndipo ndinadziwa kuti akawachotsa pa nyimbo yotsegulira tiika maliro awiri chaka chimodzi. Nyimbo imeneyo anayamba kuiimba tchalitchi chili cha mapepala apulasitiki, ine ndili kumsana.

Ndiye ndinkakhala ndi kiyibodi kukhitchini iwo akuimba potsuka mbale, ndikuzungulitsa mabatani mpaka kiyibodi inayamba kunjenjemera limodzi nawo, liwiro lomwelo, nthawi yomweyo. Ziwirizi zikayenda pamodzi, khutu la munthu limaganiza kuti nyimboyo ndi mmene imakhalira, apo ayi limanena kiyibodi. Zaka zonsezi anthu akhala akunena kiyibodi, ndipo kiyibodi sidandaula. Poyamba DEPTH linali pa 11 koloko. Pochoka ine linali pa 1.

Iwe wawasiya amayi pambalambanda osadziwa. Bwezera msanga. Iwo asadziwe, angachite manyazi n'kusiya okha.

* * *

Mtendere
6 Meyi 2024

Ba Fanwell,

Landirani moni wa kuno. Amayi ali bwino, akuti kawiri pa tsiku n'kochepa kwa munthu wokumba miyala. Za Ogasiti amva, anangofunsa kuti wa chaka chiti.

Kalata yanu ya Malichi yafika dzana. Ba Nkole anakhala pamzere wa mathiraki pamalire a Kasumbalesa masabata atatu, kenako thiraki inafuna kupuma ku Ndola. Anafika ine ndili kusaluni, ndipo ndinapeza envulopu patebulo amayi ataitsegula kale kuti aone ngati muli chithunzi. Ndinawawerengera tsamba lonse, ndi za mawotchi zomwe. Anamvetsera ngati ulaliki.

Tsopano ndiyankhe. Mwadzaza pepala ndi mabatani, koma palibe mzere ngakhale umodzi woti Justina wachita bwino kugwira kiyibodi. Mwati ndisafunse chifukwa. Sindifunsa, chifukwacho ndikuchidziwa. Mukufuna kuti kiyibodi izimveka yodwala m'manja mwanga, anthu azinena kuti nthawi ya ba Fanwell zinthu zinali bwino. Ba Kapambwe nawonso aona chimodzimodzi. Munthu amene watha zaka ziwiri osaponda pakhomo asamalamule mabatani ali ku Congo. Sindinabwezere kanthu, ndipo kyutekisi wanga ndimagulira zala za makasitomala.

Inu muli ndi nthawi yodandaula za makina, pamene kuno kuli nkhani yeniyeni. Mawu a amayi sakuchira. Mandimu, jinja, uchi wa ku Mwinilunga, zonse zalephera. Kiyibodi ikuyenda mowongoka bwinobwino, koma iwo akumveka ngati akuimbira mu minibasi pamsewu wa mabampu. Anthu amene kale ankatsinzina pa nyimbo yotsegulira tsopano amayang'ana nsapato zawo.

Dzulo titaweruka, ba Mukuka anatiitanira pambali. Anayamba ndi pemphero, ndiye tinadziwiratu kuti si zabwino. Kenako anati, "Ba mayo, mwatumikila maningi. Mau yanu yalema, si mulandu, ni zaka chabe. Tizayembekeza mpaka ku msonkhano wa Ogasiti. Ngati vinthu sivinachinje, muzapumula pa benchi ya bakulu."

Msonkhano waukuluwo uli pa 18 Ogasiti, ndipo kudzabwera mipingo ya kukomboni ya Chipata ndi ya ku George. Benchi imeneyo mukuidziwa, ya pafupi ndi zenera ija. Chiyambire sindinaonepo munthu akuchokapo kubwerera kukwaya. Onse amachokapo atanyamulidwa.

Amayi anangoyankha kuti, "Namva," n'kupinda chitenje chawo cha kwaya bwinobwino, makona anayi. Kunyumba sanadye. Zaka makumi atatu akuimba nyimbo imeneyo, ba Fanwell. Ine mtima ukundiwawa, ndipo inu mukundiuza za 12 koloko.

Mlongo wanu ngakhale zili choncho,
Justina

* * *

Kolwezi
27 Meyi 2024

Justina,

Ndili bwino. Moni kwa amayi. Tsopano ndikudya katatu, uwauze choncho.

Kalata yako ndaiwerenga kanayi, kuyembekeza kuti mwina isintha. Sindikukumvetsa. Munthu amene wawerenga zonse zimene zinali mu envulopu ija sangalembe zimene walembazi, pokhapokha ngati nyimbo yotsegulira akuifuna iye mwini. Ngati ndi choncho ungonena. Ndikukufunsa, unawerenga zonse? Envulopu unaikutumula?

Lachitatu ndinapempha foni pageti n'kukuimbira. Unayankha uli pampando umodzi ndi amayi, ndipo ine ndinamva mawu anga akubwerera kuchokera kukhoma la pabalaza. N'chifukwa chake tinakambirana za makala ndi za nkhuku za aneba mphindi zisanu ndi ziwiri. Usaganize kuti nkhukuzo ndimazisowa.

Wachita bwino kugwira kiyibodi. Mzere umene unkaufuna ndi umenewo. Tsopano chonde, RATE pa 12, DEPTH pa 1, DELAY pa 10. Ngati sukufuna kuchitira ine, uchitire msonkhano. Ukatero ukhale tcheru pa nyimbo yoyamba, umvetsere ndi makutu, mkwiyo uusiye kusaluni.

Za Ogasiti, munthu amene amayenera kundigwirira ntchito ndili patchuthi wathyoka mwendo. Abwana akuti Disembala.

Fanwell

* * *

Kusaluni, msika wa Mtendere
1 Julayi 2024

Ba Fanwell,

Iyi ndikulembera kuntchito, amayi sakudziwa. Moni wawo ndikukupatsani ndekha, chifukwa ndikudziwa kuti akanapereka. Za Disembala ndinawawerengera. Anangondiuza kuti ndipitirize kuwerenga, koma kalata inali itatha.

Envulopu ija ndinaikutumula, munatuluka nyerere imodzi. Za nyimbo yotsegulira mwandinyoza. Mawu anga mukuwadziwa, ndikaimba kusaluni makasitomala amakumbukira kuti asiya poto pamoto.

Komabe ndinachita zimene munanena, kuti nkhani ithe. Ndinatsitsa wotchi ya pakhoma n'kuiimika pa kiyibodi, ndipo batani lililonse ndinalilozetsa pa nthawi yake. Dzulo tinayesa m'mapemphero. Ba Fanwell, zinaipa kuposa kale. Kiyibodi ikugwedezeka mofulumira koma pang'ono, amayi akugwedezeka mochedwa koma kwambiri, aliyense njira yake, ngati anthu awiri osinja mumtondo umodzi osapatsana mpata. Mlendo wina anatuluka kukaona ngati jenereta ikutha mafuta, pamene ife jenereta tilibe. Ba Mukuka anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Malungo yabwela futi?" Kenako analemba china chake m'kabuku kawo.

Koma pali chinthu chimodzi. Pa mzere womaliza, pamene amayi amakoka mawu nthawi yaitali, ziwirizi zinakumana mwangozi kwa kamphindi. Kunjenjemera kwa amayi kunasowa. Sikuti kunatha, koma kunalowa m'kati mwa nyimbo, ndipo ndinamva amayi a masiku amene inu munali kuno. Zala zanga zinasokonezeka, ndinagwira kiyi yolakwika, ndipo kamphindiko kanathera pomwepo.

Lero ndapaka kasitomala chala chimodzi kawiri chifukwa choganiza. Madontho aja anali a chiyani? Ngati ndi zimene ndikuganizazi, ndiye kuti thonje langa lachita zoipa, ndipo ndikuchita mantha. Koma ngati ndi choncho, bwanji manambala anu sakugwira? Kapena wotchi yathu ndi yosiyana ndi ya ku Congo?

Muyankhe msanga, kwatsala masabata asanu ndi awiri. Muwauze ba Nkole kuti kalata abweretse kusaluni. Masiku ano akafika kunyumba sakhala pansi, amapereka envulopu ali chiimirire n'kuthawa ngati tili ndi galu.

Justina

* * *

Kolwezi
24 Julayi 2024

Justina,

Ndiye kuti kapepala kanga sunakaone. Mu envulopu yoyamba ija ndinaikamo kapepala kena ka iwe wekha. Ndawafunsa ba Nkole kumene kanapita, iwo akungoyang'ana matayala. Pepa pa zimene ndinanena za nyimbo yotsegulira.

Zimene ukuganizazo ndi zoona. Kiyibodi ndinaitchera pa mawu a amayi kuti kunjenjemera kwawo kuzibisala. Manambala ndi olondola. Ndinayeza ndekha sabata imene ndinkanyamuka, kukhitchini, iwo akukwecha mapoto, ndipo ndinabwereza kawiri. Sangalakwike. Mwina wotchi unaiimika mopendekeka, kapena ba Kapambwe anamasula china m'kati. Uyesenso mofatsa.

Amayi asadziwe.

Fanwell

* * *

Mtendere
21 Ogasiti 2024

Fanwell mwana wanga,

Ndine mayi ako. Ndikunena ndine, akulemba ndi Justina, ndipo ndamuuza kuti alembe monga mmene ndikunenera. Moni. Za katatu pa tsiku ndinamva, sindinakhulupirire.

Kalata yako yopita kusaluni inafika dzulo, msonkhano utapita kale. Justina wandiwerengera yonse, ndi mzere womaliza womwe, wakuti ine ndisadziwe.

Kapepala kako kali m'Baibulo langa, pa Masalimo. Tsiku limene Nkole anabweretsa envulopu ndinakapeza ndine. Dzina la Justina ndimalizindikira ngakhale maso afooke, ndinamutcha ndine. Ndinamuuza Nkole kuti andiwerengere. Anakana, ndiye ndinamukumbutsa kuti ndinamusambitsapo ali khanda mayi ake akudwala, ndipo anawerenga. Atamaliza anapempha madzi akumwa n'kupita osamwa. Usamuvutitse, matayala ake ali bwino.

Usaganize kuti kapepalako kanandiuza zachilendo. Ndinadziwa kale mu 2019. Mwana amene sanatsukepo mbale chibadwire akayamba kukhala kukhitchini ndi kiyibodi, maso ali pakhosi pako, dzanja lili pa batani, umadziwa kuti pali chimene akuyeza. Ndinakhala chete chifukwa unkaoneka wokondwa kuti wandipusitsa, ndipo atate ako atapita panalibe zambiri zokukondweretsa.

Kapepalako ndinakabisa chifukwa ndinkafuna kumva mawu anga ali okha. Zaka zisanu ndinali ndisanawamve. Ndawamva miyezi inayi. Si abwino, ba Mukuka sananame. Zinandiwawa, koma ndi anga, ndipo ndinayenera kuwadziwa.

Mu Julayi, Justina atayesa mawotchi ako n'kulephera, ndinamupatsa kapepalako. Analira, ndinamusiya amalize, kenako ndinamuuza kuti abweretse kiyibodi kukhitchini malaiti asanapite. Wotchi tinaibwezera pakhoma. Ine ndinkakoka mawu amodzi, iye akuzungulitsa mabatani limodzilimodzi, ndipo ndikamva kuti tayamba kuyenda pamodzi ndinkakweza chala. Zinatitengera masiku asanu ndi atatu, chifukwa malaiti amabwera maola ochepa, ndipo ine ndimatopa. Tsiku lachitatu aneba anabwera kudzafunsa ngati tili ndi maliro.

Lamulungu ndinaimba pa msonkhano, mipingo itatu ili pomwepo. Palibe amene anayang'ana nsapato. Titaweruka ba Mukuka anandigwira manja onse awiri n'kunena kuti, "Ba mayo, mau yabwelela, ni mapemphero yatu. Koma iyi kiyibodi yasila, tifunika inangu." Ndinavomereza kuti yatha ndithu. Abusa akuti denga la tchalitchi liyambe lakonzedwa, ndiye kiyibodi ikhalapobe. Benchi akuti idikire.

Mlongo wako anaimba bwino. Umulembere zimenezo popanda kupemphedwa.

Tsopano za manambala ako. Wotchi sinapendekeke, ndipo ba Kapambwe sanamasule kanthu, uwabwezere moni unawamana uja. Manambala ndi olondola, koma ndi a mayi amene unamusiya zaka ziwiri ndi theka zapitazo. Amene alipo lero ndi wina pang'ono. Mbale uja unamusiyira kiyibodi ankasuntha mabatani pang'onopang'ono potsata khutu lake, n'chifukwa chake sindinagwidwe msanga. Justina wapaka madontho atsopano, ndipo ndikuuza monga mmene iwe umanenera. Batani la liwiro labwerera pa 10 koloko. Lodikira lija lili pa 8, chifukwa masiku ano sindidikira, ndimayamba kugwedezeka mawu atangotuluka. La kukula lija, limene unalisiya pa 1, lili pa 4.

Ndinamufunsa Justina kuti batani limeneli limathera pati. Sanafune kunena, ndiye ndinalizungulitsa ndekha mpaka linakana kupitirira. Akuti pamenepo ndi pa 5.

Ine mawotchi a makina sindiwadziwa, katswiri ndiwe. Uwerengere wekha kuti ola limodzi limatenga miyezi ingati, kenako ukawauze abwana ako. Kyutekisi wotsala ndamuuza Justina kuti asunge. Dontho lotsatira udzapake ndiwe.

Mayi ako